South Park ija yadutsa zaka 25, nanga bwanji siikusukuluka?

Bambo a Tadala: Anzanga, ndiyambe ndaulula tchimo langa kenako ndifunse funso. Mwezi watha ana atatsekera sukulu ndinapita ndi fulashi kwa anyamata obena mafilimu pamsika kuti andiikire makatuni. Mnyamatayo anangoti "madala musadandaule, ndakudzazirani." Kufika kunyumba ndabaya fulashi pa TV, ndaona foda ya tiana tinayi tovala zipewa ndi majekete, ndati izi ndiye za ana zenizeni. Ndawayatsira, ine ulendo kubafa. Apongozi anga aakazi anali atabwera kuchokera kumudzi, ali pamkeka pabalaza pomwepo akusankha nyemba. Ndili m'kati mosamba ndinangomva mayi a Tadala akundiitana dzina langa lenileni, lija amaitana pakakhala mlandu. Kamwana konenepa kaja kanali katatsegula pakamwa. Apongozi Chingerezi samva, koma Tadala ali Sitandade 6, anamva zonse mpaka kuyamba kufunsa matanthauzo. Ndinatuluka ndi thaulo lokha, sopo ali m'makutu, kudutsa pamaso pa apongozi. Mukudziwa nokha kuti kwathu kuno umenewo ndi mlandu wachiwiri.

Usiku ana atagona ndinati ndione chimene chandiyalutsachi. Lero ndi sabata yachinayi ndikuonerabe. Chandidabwitsa n'choti chinthuchi chinayamba mu 1997, koma magawo a chaka chimenecho ndi a posachedwapa onse akundiseketsa, ndipo sakuseketsa mofanana. Masewero ambiri a pa TV akafika chaka chachitatu umadziwiratu chimene wina anene asanatsegule pakamwa. Awa amatani?

Chikondi ku Joni: Kkkkk achimwene, thaulo pamaso pa apongozi! Nkhuku yachipepeso munapereka?

Bambo a Tadala: Nkhani ya nkhuku ili m'manja mwa ankhoswe. Yankhani funso.

Chikondi ku Joni: Yankho lake ndi lalifupi, amaphika lero n'kudya lero. Gawo limodzi amalipanga masiku 6 basi. Amayamba Lachinayi alibe ngakhale mutu wa nkhani, Lachitatu lotsatira usiku likuonetsedwa pa kanema wa Comedy Central. Nthawi zina amalitumiza kwangotsala maola ochepa. Ndiye chilichonse chimene anthu akukangana sabata imeneyo ku America chimalowa chikadali chotentha. Chitsanzo chotchuka ndi cha 2008. Obama wapambana chisankho usiku wa pa 4 November, pa 5 November gawo latuluka muli mawu ochokera m'zimene iye anayankhula usiku wathawo. Ndipo sanangobwereza nkhani za pa wailesi ayi, anapeka zoti Obama ndi McCain ndi gulu limodzi la mbava, chisankho chonsecho chinali chongophimba anthu m'maso kuti akabe mwala wa dayamondi ku nyumba yosungira zinthu zakale ku Washington. Anthu ankaonera tulo ta chisankho tisanathe m'maso.

Mphatso Wojambula: Ndiwonjezere za kuntchito kwathu. Anthu ambiri amati makatuni amenewa ndi onyansa kajambulidwe, ndipo n'zoona, koma kunyansako ndiye msana wa zonse. Gawo loyambirira eni seweroli, Trey Parker ndi Matt Stone, analipanga podula mapepala amitundumitundu ndi sizasi, kusuntha kachidutswa pang'ono, kujambula chithunzi, kusunthanso. Linawatengera pafupifupi miyezi itatu. Kuchokera apo anasamukira pa kompyuta, koma maonekedwe a mapepala odula aja anawasunga dala. Taonani bwino mmene tianato timayendera. Miyendo siipinda, timangodumphadumpha ngati chule. Nkhope nthawi zambiri imayang'ana kutsogolo, pakamwa pali maonekedwe owerengeka amene amangosinthanitsa. Nyumba, basi ya sukulu, kalasi, anthu a m'tauni, zonse zinajambulidwa kale zili mu kompyuta. Wina akabwera ndi ganizo latsopano Lolemba, sayamba pachiyambi.

Ine kutsatsa malonda kwa masekondi 30, munthu woyenda bwinobwino manja akugwedezeka, kumandidyera sabata ziwiri. Iwowa mphindi 22 pa masiku 6. Ali ndi gulu lalikulu, inde, koma akanafuna zokongola ngati za Disney sakanakwanitsa.

China n'choti mawu ambiri amayankhula okha awiriwo. Parker ndiye Stan, Cartman (kamwana konenepa kaja) ndi Randy. Stone ndiye Kyle, Kenny ndi Butters. Amayankhula kenako kompyuta imakweza mawuwo kuti amveke aana. Ndiye akasintha chiganizo pakati pa usiku sadikira munthu wochokera kutali, amangolowa m'chipinda chojambulira mawu.

Chikondi ku Joni: Ndipo mudziwe a Malawi anzanga kuti ulendo woyamba kulephera kutulutsa gawo pa tsiku lake unali mu October 2013, chifukwa magetsi anazima ku situdiyo kwawo Lachiwiri usiku. Anangobwereza gawo lakale.

Nagama: Zaka 16 magetsi n'kuwalakwira kamodzi kokha? Kuno bwenzi gawo la Khirisimasi likutuluka pa Isitala.

Madala Jere: Ana inu mwatengeka ndi liwiro. Kuthamanga si kufika. Ine ndinayamba kuonera The Simpsons nditangofika kuno ku Leeds, ndipo imeneyo ndi yakale kuposa yanuyo, inayamba December 1989. Gawo limodzi la Simpsons limatenga miyezi yoposa 6 kuti lithe, zojambula zambiri zimakamalizidwira ku South Korea. Choncho olemba ake sangadalire nkhani ya sabata ino. Amakakamizika kulemba za zinthu zosatha: bambo waulesi amene amadana ndi ntchito yake, bwana woumira, ngongole, m'busa wotopa ndi nkhosa zake, mwana wanzeru amene palibe womumvera. Gawo la 1993 mungamuonetse mwana wobadwa 2010 n'kuseka.

Nanga la Obama lanulo, a Chikondi, talionetseni mdzukulu wanga lero. Ayamba wafunsa kuti McCain ndi ndani. Nsima yotentha imakoma, sindikukana, koma mawa lake ndi mkute. South Park ili ndi mikute yambiri m'nkhokwe mwake, magawo onena za anthu amene anatchuka miyezi itatu n'kuiwalika.

Chikondi ku Joni: Madala, ulemu wanu, koma Simpsons yanuyo ngakhale oikonda amavomereza kuti inakoma zaka khumi zoyambirira. Panopa imangoyenda ngati minibasi yopanda mabuleki, siingaime chifukwa palibe woiimitsa.

Madala Jere: Pamenepo sinditsutsa kwambiri. Chimene chinandiwawa ine ndi chakuti anthu ake sakula, ndiye mbiri yawo amangoikoka ngati mphira. Mu 1991 anationetsa Homer ndi Marge, makolo a m'seweroli, akukumana kusekondale mu 1974. Mu 2008 anabwera ndi gawo lina loti unyamata wawo unali m'zaka za m'ma 1990. Ine amene ndinaonera zonse ziwiri ndinamva ngati andibera. Bart akadali ndi zaka 10, Maggie akadali ndi kanyamulidwe ka khanda, koma mawu a mayi amene amayankhula Marge akumveka ukalamba. Izo ndavomera. Koma mfundo yanga ya mkute simunaiyankhe.

Nagama: Ndiyankhe ine. A Jere akunena zoona za mkute, ndipo a Chikondi akunena zoona za liwiro, koma nonse mwaphonya pamene pagona nkhani. Nyuzipepala imatuluka tsiku ndi tsiku, kodi imaseketsa? Liwiro palokha silitsitsimutsa nthabwala. Chimene awiriwa ali nacho, chimene anzawo ambiri alibe, ndi mtima wotaya nthabwala ikadali kugwira ntchito.

Taonani za Kenny. Zaka zisanu zoyambirira kamwana ka jekete la olenji kaja kankafa pafupifupi gawo lililonse, anzake n'kukuwa mawu omwe aja, makoswe n'kubwera kudzakoka mtembo, sabata yotsatira kali moyo ngati palibe chinachitika. Nthabwala imeneyo ndi imene inawatchukitsa. Inali pa malaya, pa makapu, paliponse. Wamalonda aliyense akanati gwiritsitsani pomwepo mpaka imfa. Iwo inawakola. Kumapeto kwa 2001 anamupha Kenny zenizeni, m'chipatala, mwachisoni, ndipo pafupifupi chaka chonse cha 2002 sanaoneke. Atabwerera, zofa sabata iliyonse zinatha, zimangochitika mwa apo ndi apo. Nyimbo imodzi sachezera gule.

Ndipo taonani chimene chinamera pamalo pamene anagwetsa mtengowo. Butters, kamwana kaulemu kokhulupirira chilichonse, kamene makolo ake amakatsekera m'nyumba pa zifukwa zosamveka, kanali kongodzaza kalasi. Kenny atachoka kanapeza bwalo. Lero magawo ambiri amene anthu amawakumbukira ndi a Cartman kupusitsa Butters, ndipo amenewo sasasa chifukwa sanena za wandale aliyense. Sukulu iliyonse ili ndi Cartman wake ndi Butters wake. Ine ndaphunzitsa zaka 14, ndingakutchulireni mabenchi amene amakhala.

Cartman yemweyo anamusintha. Poyamba anali mwana wolongolola, wodzikonda, wokonda kudya, basi. Mu 2001 anapanga gawo limene mnyamata wamkulu anamubera ndalama zochepa pomupusitsa, ndipo kubwezera kwa Cartman kunafika poipa moti sindingakulembe pano anthu akudya. Kuyambira pamenepo woonera amadziwa kuti kamwana aka palibe pamene kangalekezere, ndiye ngakhale kakumwetulira umakhala uli tcheru.

Bambo a Tadala: Gawo limenelo ndaliona dzana. Ndinazimitsa TV n'kukhala kaye chete mumdima.

Nagama: Ndiye pali Randy, bambo ake a Stan. Poyamba anali kholo chabe, katswiri wa za miyala amene ankabwera kudzafotokoza za phiri lophulika. Dzina ndi ntchito anatengera kwa bambo ake enieni a Parker. Koma Parker anabadwa 1969, Stone 1971. Anayamba ali anyamata osakwana zaka 30, akuseka akuluakulu kudzera m'maso mwa ana. Atakula, n'kukwatira, n'kubereka, anapeza kuti chitsiru chimene amachidziwa bwino tsopano ndi bambo wa zaka 45 amene amatengeka ndi chilichonse chatsopano. Ndiye Randy anakwera mpaka kutsala pang'ono kulanda sewero lonse. Mu 2018 anamusamutsa m'tauni kupita kumunda kukalima chamba, poti ku Colorado n'chololedwa. Ena zinawanyansa, amati tibwezereni ana athu. Ine sindinakonde zonse za kumundako, zinatalika. Koma ndi bwino kundikwiyitsa ndi chatsopano kusiyana n'kundigoneka ndi chakale.

Madala Jere: Mayi, apa mwandigwira. Simpsons singayerekeze kusamutsa Homer kuchoka pa sofa paja kwa zaka zingapo.

Yamikani wa Drama: Pepani akuluakulu ndilowererepo, ndine wamng'ono pagulu pano. Kukalasi tinakambirana njira ina imene awiriwa anafotokozera ophunzira a ku New York University. Amati ukandandalika zochitika za nkhani yako, pakati pa chochitika china ndi chinzake pasamalowe mawu oti "kenako". Pazilowa "choncho" kapena "koma". Ndiyese ndi nkhani ya a Bambo a Tadala. Ya "kenako" ingamveke chonchi: anagula makatuni, kenako anasamba, kenako apongozi anasankha nyemba, kenako kunada. Palibe chogwira mtima. Koma mmene anafotokozera eni ake: ankafuna ana akhale chete, choncho anawayatsira makatuni, koma makatuniwo anali otukwana, choncho anathamanga kukazimitsa, koma anali ndi thaulo lokha, ndipo pabalaza panali apongozi. Chilichonse chikubala chinzake.

N'chifukwa chake ngakhale gawo likhale lonena za nkhani imene inaiwalika, nthawi zambiri limayendabe. La 2006 la masewera a pa kompyuta a World of Warcraft, ine masewerawo sindinawagwirepo, koma ndinaseka, poti nkhani yake ndi ya ana amene alolera kuwononga thanzi lawo miyezi yathunthu kuti agonjetse munthu mmodzi wosamudziwa. Linapata mphoto ya Emmy.

Bambo a Tadala: Mwana iwe, tsoka langa walisandutsa homuweki.

Nabanda: Ine ndakhala ndikungowerenga koma ndilankhuleko. Mukuyamikira ngati palibe chovuta. Choyamba, kutukwana. Kodi nthabwala ikafuna mawu olaula kuti iseketse, ndi nthabwala kapena ndi kudzidzimutsa chabe? Izeki ndi Jakobo ankagwetsa holo yonse ndi phwete popanda liwu limodzi loti ungatseke mwana makutu. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, mchimwene wanga wamng'ono anakulira makatuni amenewa, ndipo chimene anatolamo n'choti aliyense wokhulupirira kanthu ndi chitsiru. Wachipembedzo chitsiru, wosapembedza chitsiru, wolimbikitsa zosamala chilengedwe chitsiru, wotsutsa chitsiru. Wanzeru ndi amene wakhala pampanda akuseka onse. Zimenezo n'zosavuta. Ukamaseka mbali zonse sudzasowa choseka, komanso sudzafunsidwa kuti iwe waima pati.

Mu 2006 anapanga gawo lonyogodola Al Gore, amene anakhalapo wachiwiri kwa pulezidenti wa America, akuthamangathamanga kuchenjeza anthu za chilombo chimene kulibe, theka munthu, theka chimbalangondo, theka nkhumba. Aliyense anamva kuti akunena za kusintha kwa nyengo. Ife amene tinaona Freddy mu 2023, matope akutsika m'phiri la Soche, nthabwala imeneyo siitikomera.

Chikondi ku Joni: Achemwali, mfundo yanu ndi yolemera, koma nkhaniyo ili ndi mchira. Mu 2018 anabwereranso. Chilombo chija chinapezeka kuti chilipodi, chikupha anthu m'tauni, ndipo anawo anachita kukamupepesa Al Gore kuti awathandize. Muli kachigawo kena bambo wina ali mu lesitilanti akufotokozera mkazi wake modzikuza kuti umboni wa chilombocho ndi wosakwanira, chilombocho chili kumbuyo kwake chikukhadzula anthu. Atachiona anangosintha nyimbo, akuti chabwino chilipo, koma nanga tingatani panopa. Bambo ameneyo ndi iwo eni a 2006. Paja amati wamisala anaona nkhondo.

Nabanda: Patapita zaka 12.

Chikondi ku Joni: Zaka 12, inde. Koma nditchulireni wandale amene anabwera patapita zaka 12 kudzanena kuti ndinalakwa, n'kudziseka yekha pagulu.

Nagama: Ndipo izi zikugwirizana ndi zimene ndimanena. Sataya nthabwala zokha, amatayanso maganizo awo akale, ndipo kutayako amakusandutsa gawo. Mnyamata wakuda yekhayo m'kalasi muja kwa zaka zoposa 20 ankatchedwa Token, kutanthauza munthu wongoikidwapo kuti pasaoneke tsankho. Mu 2022 anati dzina lake lakhala lili Tolkien, la wolemba mabuku wotchuka, kuyambira kale, Stan yekha ndiye ankalimva molakwika, ndipo dokotala anatembenukira kwa ife oonera kutifunsa kuti nanga inu munkaganiza kuti ndi ndani. Mlandu wawo anatisenzetsa ife. Ndi ukathyali, koma ndinaseka. Yerekezani ndi mmene Simpsons inavutikira ndi Apu, mwini golosale wa ku India uja. Madandaulo atakula mu 2017 anayamba ayankha monyalanyaza, kenako mu 2020 Hank Azaria anasiya kuyankhula mawu ake, munthuyo n'kungoti zii.

Nabanda: Za kutukwana palibe wandiyankha.

Mphatso Wojambula: Pamenepo ine ndili mbali yanu pang'ono. Magawo ena ndi zonyansa basi, ukachotsa zonyansazo sipatsala kanthu. Masiku 6 amabala zotero, palibe nthawi yoti ugone n'kudzuka n'kuona kuti izi n'zopusa. Eni ake amanena kuti nthawi zambiri pofika Lachitatu amakhala akuona ngati apanga gawo loipitsitsa. Kusiyana kwake n'koti alibe mpata wolikonzakonza mpaka kulipha. Ine ndili ndi katuni yanga ya mphindi zitatu imene ndakhala ndikuikonza kuyambira 2021. Palibe anaionapo.

Che Saidi: Funso langa ndi la Africa. Gawo la 1997 la mwana wa ku Ethiopia, wowonda, woyankhula modina lilime ngati kuti Africa yense ndi mudzi umodzi wa njala. Inu simunakhumudwe nalo?

Chikondi ku Joni: Mkondo sunkaloza mwanayo. Ana aja anapereka ndalama ku bungwe lothandiza anjala chifukwa ankafuna wotchi yaulere, ndipo mayi wotchuka wolira pa TV popempha thandizo uja anapezeka atakhala pa mulu wa chakudya akudya yekha. Ife amene timadziwa ma Land Cruiser oyera tikanayenera kuwomba m'manja.

Che Saidi: Mkondo kaya unkaloza kwina, koma unadutsira pa ife. Mwanayo analibe ngakhale chiyankhulo chenicheni. Ku Ethiopia kuli Chiamhariki cholembedwa ndi zilembo zakezake. Komanso za 2010, magawo awiri aja okhudza Mtumiki Muhammad, amene lachiwiri lake Comedy Central inachita kuliphimba ndi kulidula mawu ataopsezedwa. Kuopseza anthu sindigwirizana nako ngakhale pang'ono, koma sindivomerezanso kuti chilichonse n'choseweretsa.

Adimini: Abale, za zipembedzo tiyende nazo mwaulemu monga achitira Che Saidi. Ndachotsa ndemanga ziwiri. Wozilemba akudzidziwa.

Madala Jere: Ndingokumbutsa kuti khalidwe losasiya aliyenseli linawadyera munthu. Isaac Hayes, woimba amene ankayankhula Chef, wophika wa pasukulu, anali wa Scientology. Gawo lonyogodola mpingo umenewo linatuluka November 2005, ndipo March 2006 kunatuluka kalata yoti wasiya. Patapita zaka mwana wake ananena kuti bambo akewo anali atadwala sitiroko ndipo ena ndiwo anawasiyitsa. Chef anali munthu wamkulu yekhayo wanzeru m'tauni monse, amene ana ankathawirako. Atachoka sanaikepo wina. Mwina n'chifukwa chake akuluakulu onse a mmenemo anapenga.

aMbewe a ku Dedza: Ine makatuni anuwo sindinaonepo, mdzukulu ndiye amandiwerengera za pagulu pano. Koma zimene mukukambazi si zachilendo. Za kudambwe sindinena, ndinena zimene aliyense amaona pabwalo. Gule wamkulu ndi wakale kuposa agogo a agogo athu, koma bwanji anthu amathamangirabe ng'oma ikalira? Chifukwa zilombo zakale zilipo, inde, koma zatsopano zimatulukanso. Atabwera azungu ndi amishoni kunatuluka Simoni wa nkhope yofiira ngati wapsa ndi dzuwa, kunatuluka Maliya. Itabwera galimoto, nayo inafika pabwalo. Mukapita ku Mua mukaona mitundu yake yosawerengeka. Mudzi umaona chachilendo chimene chabwera, n'kuchivinitsa kuti anthu achiseke, mantha achepe. Ndipo nyimbo yake imamulasa munthu ali pomwepo, iye n'kumaseka nawo. Amayi pamtondo chimodzimodzi, mtondo ndi womwewo, kayimbidwe n'komweko, koma mawu ndi a mwamuna amene analedzera dzulo.

Kusiyana kwake, kwathu wonyogodola ndi wonyogodoledwa mawa amakumana pamaliro. Ndiye pali polekezera. Azungu anuwo amaseka munthu amene sadzamuona.

Nagama: Agogo, apa mwatiphunzitsa. Bwalo ndi lomwelo, chilombo ndiye chatsopano. Ana a South Park anakwera kalasi kamodzi kokha, mu 2000, kuchoka giredi 3 kupita 4, ndipo akadali momwemo. Tauni siisintha kuti mlendo akalowa aoneke msanga.

Yamikani wa Drama: Ku Africa kuno zoyesa zilipo. Ku Kenya kunabwera The XYZ Show, ya zidole zofanana ndi andale, anaiyambitsa wojambula makatuni a m'nyuzipepala Gado mu 2009. Ku South Africa chaka chomwecho kunayamba ZANEWS, imene Zapiro anali nawo, ndipo inayambira pa intaneti SABC itaikana.

Chikondi ku Joni: Zidole ubwino wake ukachiumba kamodzi, mawa umangochipatsa mawu atsopano. Nzeru yake ndi yomwe ija ya mapepala odula.

Madala Jere: Ndibwerere ku liwiro, poti sindinagonje kwathunthu. Mu 2016 linawagwetsa. Chaka chimenecho anayesa nkhani imodzi yopitirira gawo ndi gawo, mphunzitsi Garrison akuimira Trump, iwo akuyembekeza kuti Hillary Clinton apambana. Gawo la mawa lake la chisankho anali atalikonza kale motero. Usiku wa pa 8 November zinthu zinatembenuka, anachita kulembanso usiku womwewo mpaka kusintha mutu wake, ndipo nkhani ya chaka chonse inatsimphina mpaka kumapeto. Chokhacho chimene ndinakonda chaka chimenecho ndi tizipatso toyankhula tija, tongokhalira kufunsa anthu ngati akukumbukira zakale zokoma, anthu n'kumatidya mpaka kuledzera nato. Ndinadziona ndekha ndi Simpsons yanga ya 1993.

Nagama: Ndipo chaka chotsatira nkhani yopitirira ija anaichepetsa. Anataya. Mukuona?

Madala Jere: Mayi inu mukadakhala loya.

Che Saidi: Nanga ndalama? Mu 2021 anasainira madola 900 miliyoni. Mu July 2025 ena 1.5 biliyoni a zaka zisanu. Munthu wolemera chonchi angasekenso olemera anzake? Galu wokhuta sauwa.

Chikondi ku Joni: Ameneyu anauwa, ndipo analuma dzanja lomudyetsa. Sabata yomwe anasaina ija gawo loyamba la chaka chimenecho linatuluka pa 23 July, Trump ali pabedi ndi Satana, komanso akunyogodola Paramount, kampani yomwe yawalipirayo, chifukwa chopereka madola 16 miliyoni kwa Trump kuti mlandu uthe. Ku White House anayankha kuti seweroli linasiya kukhala laphindu zaka 20 zapitazo. Ukaona nyumba ya mtsogoleri wa dziko ikutulutsa chikalata chonena kuti katuni ilibe ntchito, dziwa kuti yalasa. China nayo mu 2019 inafufuta South Park pa intaneti yake yonse chifukwa cha gawo limodzi.

Mphatso Wojambula: Koma ukalamba ukuoneka. Kale ankatulutsa magawo 13 kapena kuposa pa chaka, kuyambira 2013 anatsikira pa 10, zaka zina 6 okha, ndipo mu 2025 ambiri ankatuluka pakadutsa sabata ziwiri. Kugona pa situdiyo uli ndi zaka 28 n'kosiyana ndi uli ndi 55. Mu 2011 anapanga gawo limene Stan wakwanitsa zaka 10 ndipo chilichonse, nyimbo, mafilimu, ngakhale anzake, chikumuonekera ngati zonyansa. Linatha popanda nthabwala, makolo ake akulekana. Anthu ambiri anaganiza kuti akutsanzika.

Madala Jere: Ndipo musaiwale kuti mu 2002 anavomereza okha. Butters akuyesa kupeka chiwembu choti asokoneze tauni, chilichonse chimene waganiza mnzake akumuuza kuti Simpsons inachita kale. Ulemu kwa akulu.

Nabanda: Ine maganizo anga sanasinthe, m'nyumba mwanga sizilowa. Koma a Bambo a Tadala, fulashi ija mwaibisa pati? Ana amadziwa malo onse.

Bambo a Tadala: Ili m'thumba la jekete la suti ya ukwati, limene ngakhale ine sindilikwananso. Koma imvani izi. Tsiku lija TV isanazimitsidwe apongozi anaona kamwana ka jekete la olenji kakuphedwa. Sanalankhule kanthu. Dzulo usiku ndikuonera ndekha motsitsa mawu, iwo akudutsa kupita kukamwa madzi, anaima pakhomo nthawi yaitali. M'mawa uno atuma mayi a Tadala kuti adzandifunse: mwana uja anamwalira tsiku lija, wapezekanso bwanji pa depoti ya basi, ndipo makolo ake apita naye kwa ndani?